Kodi Chigiriki Adzadya? Yankho kwa Anzanga a ku Nangongwe



Loweruka lija tinasonkhana m'tchalitchi mwathu kuno ku Nangongwe ndinabwerera kunyumba mtima uli wowawa, ndipo nsima ya madzulo amenewo sinandikomere. Kwa inu a m'mipingo ina amene simunalipo, nkhani yake ndi iyi. Mlongo wathu wina, amene waphunzitsa ana a Sande sukulu kwa zaka zinai osalandirapo ngakhale ngwee imodzi, walandiridwa ku koleji ya zaubusa ku Lusaka. Komiti inapempha kuti pa ndalama zimene gulu lathu linapeza poweta nkhuku titapepo pang'ono timugulire mabuku. Mlembi anayamba kuwerenga maina a mabukuwo, anthu ali phee. Koma atafika pa buku la galamala ya Chigiriki, Chipangano Chatsopano cha m'Chigiriki, ndi kabuku koyambira Chilatini kamene mlongoyu anaonjezapo yekha, anthu anafa nako kuseka.

Mbale wina kumbuyo anafuula kuti, "Kodi Chigiriki adzadya?" Wina anati zimenezo ndi zinenero za akufa ndiponso za azungu. Wina, amene ndimamulemekeza chifukwa ndi munthu wa mapemphero, anaimirira nati Mzimu Woyera safuna dikishonale. Nkhani inaimitsidwa kufikira msonkhano wa mwezi wamawa. Ine ndinali pampando, ndipo wapampando sakangana ndi anthu. Pano sindili pampando ai. Tsono mundilole ndikuyankheni, ndipo ngati mau anga alasa wina, andikhululukire, pakuti chilonda sichipola ndi kuchisisita.

Ndiyambe ndi tenti ija. Mukuikumbukira nonse, ija inamangidwa pa bwalo la mpira chaka chatha, masipika akulira kufikira pakati pa usiku. Mlaliki wake anali mlendo, wovala suti yonyezimira, womasulira wake akuthamanga pambuyo pake. Usiku wachitatu anatsegula kalata yachitatu ya Yohane, ndime 2, pamene wolembayo afunira Gayo mafuno abwino ndi moyo wangwiro. Anatseka Baibulo, natiyang'ana, nati: "Baibulo lanu la Chinyanja ndi lofooka. M'Chigiriki choyambirira mau awa atanthauza galimoto, nyumba ya mpanda ndi buku la kubanki lodzaza." Anapitiriza kunena kuti liu la Chigiriki lotanthauza mphamvu ndi dunamis, ndiye kuti dainamaiti, ndipo aliyense wofesa mbeu ya ndalama usiku umenewo umphawi wake udzaphulika ngati mwala wa kumigodi. Anthu anakuwa. Mabesini anayenda. Azakhali anga, amene amagulitsa kapenta ndi nsomba zouma pamsika, anaponyamo mpamba wao wonse. Tenti inachoka Lolemba, ndipo iwo anakhala miyezi iwiri osayala malonda.

Tsono mverani chimene wophunzira aliyense wa Chigiriki wa chaka choyamba amachidziwa. Ndime imeneyo ndi moni wa m'kalata. Kuyambira m'chaka cha 1896 akatswiri awiri a ku England, Bernard Grenfell ndi Arthur Hunt, anakumba pamadzala akale a mzinda wa Oxyrhynchus ku Ejipito, napeza zikwizikwi za zidutswa za gumbwa zolembedwa m'Chigiriki: malisiti, mapangano a ngongole, makalata a ana kwa makolo ao. Makalata ambiri a nthawi imeneyo amayamba chimodzimodzi, ndi kufunira wolandirayo thanzi ndi kuti zinthu zimuyendere. Ndi mmene ifenso timayambira polembera agogo kumudzi, kuti tikhulupirira muli bwino, kuno tili bwino. Kodi alipo amene analandira kalata yotere napita nayo kubanki? Ndiponso liu lomwelo limene mlalikiyo anati ndi galimoto, Paulo analigwiritsa ntchito pa Aroma 1:10 popempha kuti njira yake yopita ku Roma itseguke. Inatsegukadi. Anafika ku Roma ali wandende, ngalawa itamuswekera panyanja.

Nanga dainamaiti? Anaipanga ndi Alfred Nobel wa ku Sweden m'chaka cha 1867, ndipo ndiye anabwereka dzinalo ku liu la Chigiriki, patapita zaka pafupifupi 1,800 kuchokera pamene Paulo analemba makalata ake. Kunena kuti Paulo ankaganiza za dainamaiti kuli ngati kunena kuti agogo anatengera dzina kwa mdzukulu wao.

M'tenti monse muja munalibe munthu woimirira ndi kunena kuti, "Abusa, pepani, sizili choncho." Inenso ndinalimo. Ine ndinaphunzira zauphunzitsi, osati zaubusa, ndipo Chigiriki changa ndi cha chaka chimodzi chimene abusa ena opuma ankatiphunzitsa madzulo ku koleji, ife ochepa amene tinafuna. Ndinadziwa kuti munthuyo akunama, koma ndinadziona wochepa, ndinakhala chete. Manyazi ake ndikali nao.

Mbale wanga wakumbuyo, unafunsa ngati Chigiriki chimadyedwa. Chimadyedwa ndithu. Alipo kale amene akuchidya, ndipo ndiwo zake ndi mpamba wa amai athu. Iwo sachidziwa n'komwe. Analoweza mau atatu kapena anai pa wailesi ya kanema ndi pa foni. Mphamvu yao yonse ili pa chinthu chimodzi, chakuti akudziwa kuti pakati pathu palibe wowafunsa. Mpingo wopanda munthu wowerenga chinenero chimene Malemba analembedwamo uli ngati wogula chimanga wopanda sikelo yake: wogulitsa akati thumba ili ndi makilogalamu 50, iye amangovomera.

Tsopano kwa mbale wanga wa mapemphero. Ndivomera ndi mtima wonse kuti popanda Mzimu Woyera munthu angaloweze dikishonale yonse nakhalabe wakufa mumtima. Koma ndikufunseni, ndani anasankha kuti mabuku 27 a Chipangano Chatsopano alembedwe m'Chigiriki? Si Mzimu yemweyo? Ngati Iye sanachite manyazi kulankhula m'chinenero chimenecho, ndi maverebu ake ndi malamulo ake, ife ndife yani kuti tichiseke? Mumakonda kutchula Machitidwe 4:13, kuti Petro ndi Yohane anali anthu osaphunzira. Zoona. Koma werenganinso 2 Petro 3:16, pamene tichenjezedwa kuti m'makalata a Paulo muli zina zovuta kuzimvetsa, zimene anthu osaphunzitsidwa amazipotoza nadziononga nazo okha. Werengani 2 Timoteo 4:13, muone Paulo ali m'ndende, imfa ili pafupi, akuitanitsa chofunda chake ndi mabuku ake. Ku Atene, pa Machitidwe 17, anatchula mau a olemba ndakatulo Achigiriki kuti anthu a kumeneko amumvere. Ndipo ndime ija ya 2 Akorinto 3:6 imene timaiponyera aliyense wokonda mabuku, yonena za chilembo ndi Mzimu, sikunena za sukulu ai. Werengani mutu wonse. Paulo akuyerekeza pangano lakale lolembedwa pamiyala ndi pangano latsopano.

Koma mboni yanga yaikulu ndi Baibulo lomwe munaliika m'khwapa poimirira paja. Linafika bwanji m'Chinyanja? Silinagwe kumwamba. Kunali anthu monga Robert Laws wa ku Livingstonia ndi David Clement Scott wa ku Blantyre amene anayamba kumasulira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Pambuyo pao William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed anatsogolera ntchito ya zaka zambiri, mothandizana ndi aphunzitsi achikuda amene maina ao sititchula kawirikawiri, kufikira Buku Lopatulika linatuluka m'chaka cha 1922. Anthu amenewa anakhala pansi ndi Chihebri ndi Chigiriki mbali iyi, Chinyanja mbali inayo, liu ndi liu. Akanati nawonso Mzimu safuna dikishonale, bwenzi lero tikumva Uthenga kudzera mwa womasulira wothamanga pambuyo pa mlendo. M'chaka cha 1998 kunatuluka Buku Loyera, limene Akatolika ndi Aprotestanti anagwirira pamodzi, ndipo mmodzi wa alangizi ake anali Ernst Wendland amene ankaphunzitsa pa seminale ya Lutheran ku Lusaka konkuno. Kumeneko anayenera kugamula nkhani zolemera. Pamene Buku Lopatulika limati Yehova, Buku Loyera linasankha kuti Chauta. Kaya mukondwera nako kusankha kumeneko kaya ai, dziwani kuti alipo anthu amene amakhala patebulo kugamula mau amene inu ndi ana anu mudzapemphera nao.

Chinenero sichiima. Chinyanja chimene ang'ono athu amalankhula m'misewu ya Kafue ndi Lusaka si chimene ankalankhula ku Mvera zaka 100 zapitazo, ndipo mukudziwa inu nomwe mmene ana a Sande sukulu amayang'anirana tikawerenga ndime zina za Buku Lopatulika. Tsiku lidzafika lofuna kumasuliranso. Patebulo limenelo padzakhala yani? Tidzatumanso uthenga kutsidya la nyanja kuti atitumizire munthu? Uthenga unafika ku Magwero kufupi ndi Chipata m'chaka cha 1899, ndipo Justo Mwale anadzozedwa ubusa m'chaka cha 1929. Sukulu yotchedwa ndi dzina lake ku Lusaka imaphunzitsa Chigiriki ndi Chihebri kwa ana a dziko lino. Dziko lathu linalengezedwa kuti ndi lachikhristu m'mwezi wa Disembala 1991. Patapita zaka zonsezi, kodi n'zoona kuti achinyamata a ku Nangongwe akali kuganiza kuti kuwerenga Yohane m'chinenero chimene analembamo ndi ntchito ya mzungu?

Apa ndafika pa mau aja akuti "za azungu." Sindiwataya msanga, chifukwa muli kanthu mkati mwake. Anansi athu a ku Malawi akudziwa. M'chaka cha 1981 Dr Hastings Kamuzu Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, nalamula kuti mwana aliyense pamenepo aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki. M'masiku ake aphunzitsi ankawatenga kunja, makamaka ku Britain, pamene m'masukulu ambiri a m'midzi ana ankakhala pansi opanda mabuku okwanira. Munthu woona zimenezo sangalakwe kuganiza kuti zinenero izi ndi chipewa chovala apamwamba kuti aoneke osiyana ndi ife. Ngati mlongo wathu akufuna Chilatini kuti azitinyada nacho, inenso nkhuku zanga sindipereka.

Koma cholakwa chinali kutsekera zinenerozi kumpanda. Eni ake enieni sanali a ku London. Pamene Chipangano Chatsopano chinkalembedwa, Chingerezi kunalibe. Chipangano Chakale chinamasuliridwa koyamba kuchoka m'Chihebri kupita m'Chigiriki ku Alexandria, mu Ejipito, mu Afirika, kuyambira zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe. Apolo, uja Machitidwe 18 imamutchula kuti wodziwa kulankhula ndi wamphamvu m'Malemba, anali wa ku Alexandria komweko. Bishopu Atanasio wa mzinda womwewo ndiye analemba m'kalata yake ya m'chaka cha 367 mndandanda wa mabuku 27 amene tili nao lero. Mfumu Ezana ya ku Aksum, ku Itiyopiya, inalembetsa mau ake pamiyala m'Chigiriki.

Chilatini cha Mpingo ndiye chinakulira mu Afirika mwenimweni. Chikalata chachikhristu chakale koposa cha m'Chilatini chimene chaka chake chimadziwika ndi nkhani ya mlandu wa Akhristu a ku Scilli amene anaphedwa ku Carthage m'chaka cha 180, ndipo ku bwalo la milandu anapita atanyamula makalata a Paulo. Carthage ali m'dziko limene lero timati Tunisia. Tertullian wa mzinda womwewo ndiye woyamba wodziwika kulemba liu la Chilatini lakuti trinitas, limene ife timati Utatu. Perpetua, mai wa khanda, wa zaka pafupifupi 22, msinkhu wa ambiri a inu, analemba za masiku ake a m'ndende asanaponyedwe ku zilombo m'chaka cha 203. Augustine, amene Akatolika ndi a Reformed onse amamutcha mphunzitsi wao, anabadwira ku Thagaste m'chaka cha 354, m'dziko limene lero ndi Algeria. Ndipo kuti mulimbe mtima inu amene galamala imakupwetekani mutu, iye mwini anaulula kuti ali mwana Chigiriki ankadana nacho. Mlongo wathu akatsegula kabuku kake ka Chilatini sakupita kukapempha moto kwa azungu. Akupita kukamva makolo a Mpingo a m'kontinenti yake yomwe akulankhula ndi pakamwa pao.

Chinanso chimene sanakuuzeni ndi ichi. Chigiriki cha m'Chipangano Chatsopano si cha akatswiri a nzeru zakuya. Chimatchedwa Koine, kutanthauza cha onse. Alexander Wamkulu atagonjetsa maiko ambiri zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe, chinenerochi chinasanduka cha pamsika, cha padoko ndi cha asilikali, chimene Myuda, Msiriya ndi Mwejipito ankamvana nacho. Kodi si mmene chilili Chinyanja kuno? Pitani pa siteshoni ya mabasi ya Kafue mumve Mtonga, Mlozi, Mbemba ndi Msoli akutsatsana malonda. Aliyense ali ndi chinenero cha amai ake kunyumba, koma pamsewu akumana m'Chinyanja cha m'tauni. Mulungu anasankha chinenero cha mtundu umenewo, cha makondakitala ndi ogulitsa nsomba a nthawi imeneyo, kuti Uthenga ufike kwa onse. Ahelene amene Buku Lopatulika limawatchula ndi Agiriki omwewa.

Ndipo ndikuuzeni chimene chinandidabwitsa m'kalasi lija la madzulo: ife olankhula Chinyanja tili pafupi ndi Chigiriki kuposa Mngerezi. Verebu ya Chigiriki imanyamula mwini wake mkati. Grapho ndiye kuti ndilemba, grapheis ndiye kuti ulemba, monga ifenso sitisowa kunena "ine" kapena "iwe" nthawi zonse. Mau a Chigiriki amagwirizana mathero ao monga athu amagwirizana chiyambi chao, mwana wabwino, chinthu chabwino, zinthu zabwino, chinthu chimene mwana wa ku England amachita thukuta kuti achimvetse pamene ife tinayamwira. Chigiriki chimasiyanitsa iwe ndi inu, pamene Chingerezi cha lero chili ndi liu limodzi lokha. Taonani Luka 22:31 ndi 32. Pamene Yesu anena za kupetedwa ngati tirigu, akunena ophunzira onse. Pamene anena za amene wamupempherera, akuloza Simoni yekha. Wowerenga Chingerezi amadutsa osaona kanthu. Zilembo zake ndi 24 zokha, kuyambira Alefa kufikira Omega, ndipo munthu amaziloweza m'sabata imodzi. M'Chipangano Chatsopano muli mau osiyanasiyana oposa 5,000, koma ukadziwa pafupifupi 300 amene amabwerezedwa kawirikawiri, wazindikira kale mau 8 mwa mau 10 alionse patsamba. Sindikunena kuti n'chapafupi. Maverebu ake anandiliza misozi. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musaganize kuti Chigiriki ndi ndodo yothamangitsira onyenga chabe. Muli chuma. Ife tonse timakonda kufunsana ngati munthu ali wobadwanso. Pa Yohane 3, liu limene Yesu anauza Nikodemo ndi anothen, ndipo lili ndi matanthauzo awiri: kachiwiri, ndiponso kuchokera kumwamba. Nikodemo anagwira loyamba, n'chifukwa chake anayamba kufunsa za mimba ya amai ake. Koma m'mutu womwewo, ndime 31, liu lomwelo likunena za Iye wochokera kumwamba, ndipo ndi lomwelonso limene Mateyu 27:51 agwiritsa ntchito pofotokoza mmene nsalu ya m'Kachisi inang'ambikira kuyambira pamwamba. Womasulira aliyense, kaya m'Chinyanja kaya m'Chitonga, amakakamizika kusankha tanthauzo limodzi ndi kusiya linalo, kapena kuliika m'munsi mwa tsamba. Tsiku limene ndinaona zimenezi ndinaleka kuyesa kubadwanso ngati chinthu chimene ndinachita ine pamene ndinapita kutsogolo kwa guwa. Ndi mphatso yotsika kuchokera kwa Mulungu.

Ngakhale ife atsogoleri a achinyamata Chigiriki chimatidzudzula. Ndi kangati taphunzitsa pa misasa kuti agape ndi chikondi cha Mulungu chokha, ndipo liu lina lija, phileo, ndi chikondi chotsika cha anthu? Ndinaphunzitsapo inenso, choko m'manja. Koma pa 2 Timoteo 4:10, Dema amene anathawa Paulo chifukwa chokonda dziko lino, verebu yake ndi ya agape yomweyo. Pa Yohane 5:20, pamene Atate akonda Mwana, verebu yake ndi phileo. Chimene chimakuza chikondi cha Mulungu si kamvekedwe ka liu, koma mtanda. Ndinayenera kubwerera kwa ana amene ndinawaphunzitsa kukawauza kuti ndinalakwa.

Za Chilatini ndinene mosabisa: kwa wophunzira zaubusa Chigiriki ndicho choyamba, Chihebri chachiwiri, Chilatini chibwera pambuyo. Ndalama zikapelewera, kabuku kajako ndiko kangadikire. Koma musachitche chakufa pamene mukuchiponda tsiku ndi tsiku. Chipwitikizi cha anansi athu a ku Mozambique ndi Angola, ndi Chifalansa cha madalaivala a ku Congo amene amadutsa pamsewu waukulu uwu, ndi ana a Chilatini. Mukamva pa wailesi kuti boma lalowetsa nolle prosequi ndipo woimbidwa mlandu wamasulidwa, chimenecho ndi Chilatini, kutanthauza kusafuna kupitiriza mlandu. Mwezi wa Ogasiti uli ndi dzina la Kaisara Augusto wa pa Luka 2. Nyama ija ya m'madambo a mtsinje wathu, lechwe, akatswiri a dziko lonse amaitcha Kobus leche kafuensis, ndipo kachidutswa komaliza ndi Chilatini chonena kuti ya ku Kafue. Anzathu amene akuphunzira unamwino akuloweza maina a mafupa ndi matenda m'zinenero ziwiri zomwezi, ndipo palibe amene amawaseka. Liu lathu lakuti kalata tinalilandira kwa Apwitikizi, iwo analitenga ku Chilatini, Chilatini chinalitenga ku Chigiriki. Ubatizo, sinodi, dikoni, katekisimu, Pentekoste, mngelo, ngakhale dzina lakuti Khristu, zonsezi ndi Chigiriki chimene mumalankhula Sabata lililonse. Pamtanda pa Ambuye, Yohane 19:20 atiuza, mlandu wao unalembedwa m'zinenero zitatu, ndipo ziwiri mwa izo ndi zomwe munaziseka Loweruka.

Panali mau enanso amene sananenedwe poyera, koma ndinawamva panja pamene tinkapinda mabenchi: "Mtsikana ameneyu adzakwatiwa, ndalama zathu zidzapita kwa apongozi." Anyamata inu, manyazi akugwireni. Apolo uja wophunzira wa ku Alexandria, amene anamutengera pambali namuongola chiphunzitso anali Priskila ndi mwamuna wake Akula. Pa Aroma 16:1 Paulo amutcha Febe diakonos wa mpingo wa ku Kenkreya, liu lomwelo limene adzitcha nalo yekha m'makalata ena. Ndipo m'tenti muja amene anaberedwa kwambiri anali azimai. Mwina ndi bwino kuti wodzawateteza akhale mmodzi wa iwo.

Sindine wakhungu pa za umphawi wathu. Ndikudziwa kuti tauni ino inamangidwa pa mafakitale, kuti Kafue Textiles imene inadyetsa mabanja ambiri inatseka, ndi kuti theka la gulu lathu limadzuka m'mawa osadziwa kopita. Wina akati ndalama za nkhuku tigulire makina osokera kapena ootcherera zitsulo, sakunena zopusa. Ndikudziwanso kuti Chigiriki chochepa chimatupitsa mutu. Ndaonapo ophunzira obwera kutchuthi akuimirira paguwa ndi kuthira mau achilendo pa nkhalamba zimene zinayamba kupemphera iwo asanabadwe. Agogo anga sadziwa kulemba dzina lao, koma pa chikhulupiriro sindifika ngakhale m'mawondo mwao, ndipo kumwamba sadzafunsidwa galamala. Munthu amene waphunziradi Chigiriki sachitchula kawirikawiri paguwa. Amachigwiritsa ntchito Lachinai usiku pokonzekera, kuti Lamulungu alankhule Chinyanja chomveka chimene agogo angapite nacho kunyumba. Ndipo ayenera kudziwa Chinyanja chakecho mozama, miyambi yake ndi ulemu wake, apo ayi adzakhala mlatho wofika tsidya limodzi.

Koma mankhwala a chidziwitso chochepa si umbuli, ndi chidziwitso chokwanira. Sindikupempha kuti tonse tisiye ntchito zathu tikaloweze maverebu. Pamudzi sakhala onse osula, koma mudzi wopanda wosula ndi mmodzi yemwe umagula makasu pa mtengo uliwonse umene wamalonda watchula. Ndikupempha munthu mmodzi. Mabuku atatu aja mtengo wake sufika pa zimene tinaononga pogula mayunifolomu a kwaya chaka chatha, ndipo pa zimenezo palibe anafunsa ngati yunifolomu imadyedwa.

Pa msonkhano wa mwezi wamawa ndidzapempha wachiwiri wanga akhale pampando kuti ine ndilankhule ndi kuponya voti ngati wina aliyense. Ndidzapereka ganizo lakuti mabuku onse atatu agulidwe, alembedwe dzina la gulu lathu mkati mwa chikuto, ndipo mlongo wathu akamaliza maphunziro abwerere m'kabati ya tchalitchi kuti wotsatira adzawapeze. Ndidzapemphanso kuti pa tchuthi chilichonse azitipatsa masana a Loweruka limodzi, atiphunzitse zilembo 24 zija ndi kutiwerengera mutu woyamba wa Yohane. Ndamufunsa kale ndipo wavomera. Mbale wanga wakumbuyo, iwe amene unafunsa funso lija, ndakusungira malo pa benchi lakutsogolo. Ubwere ndi Baibulo lako, kope ndi pensulo.